Tsiku Limene Ndinaponda Masamba a Maliro

Ntchito ija ndinachita kuipempha ndekha, ndiye palibe amene ndingamuloze chala. Anthu ojambula filimu anafika pa boma pa Kasungu mwezi wotentha uja mvula isanagwe, nthawi imene aliyense ankangokamba za makuponi: ndani walembedwa, ndani wadumphidwa, feteleza afika liti. Bungwe lina linawatuma kuti apange sewero lophunzitsa anthu kuti asamagulitse makuponi kwa mavenda. Dalaivala amene anabwera naye anadwala malungo tsiku lachiwiri n'kubwerera kwawo, ndipo mbiri inamveka kuti akufuna munthu wodziwa misewu ya kumpoto kwa boma, womva ndi Chitumbuka chomwe.

Ine laisensi ndinali nayo. Inali m'sutikesi, pansi pa zitenje, chaka chachisanu ndi chimodzi. Kuyendetsa anandiphunzitsa ndi bambo anga, amene anakalambira pa chiwongolero cha lole ya pa esiteti ya fodya, ndipo ndinakulira komweko, kumene munthu amayamba nkhani m'Chichewa n'kukaimalizira m'Chitumbuka. Koma nditakwatiwa ndi mphunzitsi, iwo n'kutumizidwa pa boma, magalimoto ndinkangowaona akudutsa ine ndili ndi beseni la zitumbuwa pageti pa sukulu. Ndinkamva ndi khutu lokha kuti uyo akuzunza giya, n'kumamutukwana chamumtima. Zinkandiwawa, ndisaname.

Abwana a filimu anali bambo wamfupi wa ku Blantyre, wovala chipewa ngakhale m'nyumba. Laisensi yanga anaitembenuza kawiri ngati akufuna kupeza pamene ndinafufuta.

"Mayi," anatero, "ntchito iyi si yoyendetsa chabe. Ife timati rana. Chilichonse chikasowa, wothamanga ndinu. Madzi, mabatire, mafuta, munthu amene wachedwa. Ngakhale amuna amaithawa."

"Ndiyeseni," ndinatero.

"Tikuyesani. Mukamaliza nafe masabata atatu, tikutengani kumaboma enawo, mukhala dalaivala wathu. Koma tsiku limene mudzanene kuti ndatopa, makiyi ndidzapatsa wina. Ndilibe nthawi yonyengerera ine."

Ndinalandira makiyiwo ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo mawu oti ndatopa ndinawatsekera m'kamwa, ndipo ndinalumbira kuti ngakhale ndigwe, sadzatuluka.

Tinkajambula kumudzi wina cha ku Chisemphere. Kuchokera pa boma umatenga msewu wa tala wolowera kumpoto, kenako n'kukhotera m'msewu wafumbi. Amene anayendako akudziwa mmene dziko lija lilili: lathyathyathya, msewu uli tambalale, mbali zonse mizere yodikira mvula ndi zigafa zopanda fodya. Chobiriwira chinali manazale okha m'madambo, anthu atawerama ndi zothirira. Palibe phiri lokudzutsa, palibe kona yokuopseza. Umangogwira chiwongolero n'kumayang'ana kutsogolo kumene msewu ukunyezimira ngati pathiridwa madzi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti anthu a filimu amalambira dzuwa. Mkulu wa kamera, munthu wamtali wosayankhulayankhula, ankafuna kuwala kwa m'mamawa ndi kwa madzulo basi. Ankati dzuwa likafika paliwombo nkhope za anthu zimaoneka zoipa. Ndiye tinkanyamuka pa boma atambala akulira, kuti dzuwa likatipeze titakonzeka. Ine ndinkayamba ndatenga galimoto, n'kuzungulira malo atatu ogona alendo kutola anthu, iwo n'kulowa, n'kutsamira pawindo, n'kupitiriza tulo tawo. Njira yonse ndinkamvera mikonono.

Nthawi ikakwana cha m'ma leveni, kamera ankaifunditsa nsalu. Gulu lonse linkalowa m'chigafa china chachikulu, n'kuyala mphasa, zipewa kumaso. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene abwana ankatukula dzanja lokha, osadzuka n'komwe.

"Mayi, tangothamangani pang'ono pa boma."

Pang'ono! Koma abale inu. Kumudziko kunalibe magetsi, ndiye mabatire a kamera ndinkakawatchajitsa pa boma. Ukafika magetsi atazima, uzizungulira kufuna amene waliza jenereta. Madzi a m'mabotolo, chifukwa a pamjigo ankati awatsegula m'mimba. Buledi. Masiku ena mafuta ankasowa, ndiye ndiime pamzere padzuwa, galimoto ikusuntha ngati nkhono. Ndikatero ndibwerere, ndikafike isanakwane folo koloko, poti kuwala kwa madzulo sikudikira munthu. Iwo ankadzuka atapuma, akudziwongola, n'kumandifunsa kuti bwanji madziwa ndi ofunda. Akamaliza kujambula ndiwabweze pa boma, ndiwatsitse mmodzimmodzi, ndikaimike galimoto, ndiyende wapansi kupita kunyumba kumene malaya a aphunzitsi ndi mayunifolomu a ana zinkandidikira. Tsiku lililonse msewu umenewo ndinkaudutsa kanayi.

Amuna anga si munthu wolongolola. Sabata yoyamba anangondiyang'ana. Yachiwiri, ndikumanga nsapato, anati, "Mayi, maso anuwo afiira ngati mwasuta. Bwanji muwauze akupumitseniko tsiku limodzi?"

Ndinawalusira ngati ndi iwo anandilemba ntchito. "Ndiwauze chiyani? Kuti ndatopa? Mukufuna ndibwerere ku zitumbuwa eti? Inu kasamaleni choko chanu."

Anangoti, "Chabwino," n'kutenga ndowa kukatunga okha madzi, mphunzitsi wathunthu, anthu akuona. Zinandichititsa manyazi koma sindinapepese. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho.

Tulo ndinkalimbana nato ndi nzeru zonse zimene ndinaziona kwa bambo anga. Ndinkakazinga chimanga n'kumakukuta njira yonse mpaka nsagwada kuwawa. Ndinkaluma tsabola wa kambuzi. Ndinkadzithira madzi m'mutu, kudzitsina pantchafu, kutsegula mawindo onse kuti fumbi lindimenye, kuimba nyimbo za kwaya mokuwa ngati wamisala. Zinkathandiza kamtunda kochepa, kenako maso ankayambanso kulemera. Tsiku lina ndinazindikira ndili pa sitolo ina ya m'mbali mwa tala, koma mlatho umene umayamba kudutsa usanafike pamenepo sindinaukumbuke. Tsiku linanso ndinaponda mabuleki chifukwa cha ng'ombe imene inaima pakati pa msewu, nditayang'anitsitsa chinali chulu, ndipo chinali kutchire, ine ndi amene ndinali nditasiya msewu. Ndinabweza galimoto, ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wandiona, n'kupitiriza. Sindinauze munthu.

Pa depoti ina ya m'njira pankakhala chikhamu cha anthu odikira feteleza, makuponi atawamangirira m'mipango ndi m'matumba a shuga. Ena ankakhala pamenepo masiku. Masana ambiri ankagona pansi pa mitengo, mitu atatsamiritsa panjinga. Anthu ovutika, anjala, koma ine ndikamadutsa ndinkawasirira. Ndinkati mumtima, odala inu mwagona.

M'sewero lija munali chigawo cha maliro. Nkhani yake inali yakuti bambo wina anagulitsa makuponi n'kumwera mowa, njala inalowa m'nyumba, mwana n'kumwalira. Anthu a m'mudzimo poyamba anakana. Ankati kulira maliro popanda womwalira n'kuziputa dala. A filimu anatenga masiku awiri akuwanyengerera mpaka ena anavomera, okalamba okha anatseka zitseko. Bokosi linali lopanda kanthu, olira anali a gulu la zisudzo, misozi ankaipeza ndi anyezi. Ndipo popeza maliro sakhala opanda masamba pamsewu, abwana anati, "Mayi, tipezereni nthambi."

Ndinadula ndekha nthambi za mango, n'kuziyala mopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi, monga timachitira kuti wodutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Aliyense wobadwira kuno amadziwa chochita akaona masamba amenewo. Wapanjinga amatsika n'kuikankha. Wachipewa amavula. Wagalimoto amachepetsa liwiro mpaka kumayenda ngati munthu wapansi, wailesi n'kuzimitsa. Palibe amakuphunzitsa kusukulu yoyendetsa, umangokula nazo.

Tsiku loyamba, pochoka kupita pa boma, phazi langa linapita lokha pa buleki nditafika pamasamba aja. Abwana anali atakwera nawo tsiku limenelo.

"Mukuimira chiyani?"

"Masamba, bwana."

"Si mwaika nokha masambawo? Muli maliro muno? Pondani, nthawi ikutha!"

Ndinaponda. Chigawo chimenecho anachijambula masiku anayi, poti mkulu wa kamera sankakhutira. Masamba akafota ndinkadula ena. Masiku anayi, kanayi patsiku, ndinkadutsa pamasamba a maliro ndi liwiro, fumbi lili kobo. Pofika tsiku lachinayi phazi linasiya kufunafuna buleki.

Linali Lachinayi la sabata yachitatu, kutatsala masiku awiri kuti ndimalize. Ndinali nditayamba kale kuganiza za maboma enawo, ndi diresi imene ndidzavale. M'mawa umenewo mabatire anatha msanga, ndipo madzulo ake kunali chigawo chomaliza cha bambo wosewera ngati chidakwa uja, amene mawa lake ankabwerera ku Lilongwe.

"Folo koloko mukhale muli pano," abwana anatero ali chigonere pamphasa. "Mukachedwa mwatiphera filimu."

Pa boma magetsi kunalibe. Ndinapeza jenereta kwa wometa wina, ndinakhala pabenchi kudikira, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinawodzera, chifukwa wometayo anachita kundigwedeza phewa. Anati, "Amayi, mukuyendetsa ndinu? Mmene mulilimu?" Ndinamuuza kuti asamale mitu ya anthu ake. Ndinanyamula mabatire n'kunyamuka, thu koloko itadutsa kale.

Za pa tala sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka malole a feteleza akundidutsa, ndi chimanga chokazinga chitatha m'thumba. Ndikukumbuka ndikukhotera m'msewu wafumbi, dzuwa likumenya pagalasi, injini ikungolira mawu amodzimodzi. Maso anali otsegula, zimenezo ndikhoza kulumbira. Koma munthu amatha kugona maso ali tong'o, amene anayendetsapo atatopa andivomereza.

Kenako ndinaona masamba pamsewu.

Ndinawaona bwinobwino. Nthambi za mango, zobiriwira, zoyalidwa mopingasa. Ndipo mutu wanga wotopawo unati, eya, ndafika, masamba athu aja. Sindinadzifunse kuti bwanji ndafika msanga chonchi, kapena kuti bwanji masambawa ndi aawisi pamene anga ndinawasiya atafota. Ndinasangalala. Phazi ndinalikankhiranso pansi kuti abwana aone kuti ndabwera ndi liwiro.

Chimene chinandidzutsa ndi kukuwa. Kutsogolo kwanga kunali anthu, osati khumi a zisudzo aja, koma mudzi wathunthu. Amuna atakhala m'mbali mwa msewu, amayi akudutsa ndi ndowa pamutu. Onse balalabalala! Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, galimoto inaserereka pamchenga, inapotoloka, inagunda njinga imene inatsamira pamtengo, n'kugwetsa mgolo wa madzi. Bambo wina wachikulire anadziponya m'mizere. Mayi wina anaima chiimire ndowa ili pamutu, bampala itaima pafupi ndi maondo ake moti dzanja silikanalowa pakati. Injini inazima. Panangoti zii, kumveka madzi okha akutuluka mumgolo.

Mudzi wathu wojambulira unali kutsogolo, mtunda ndithu. Awa anali maliro enieni. Podutsa m'mawa masamba anali asanayalidwe, poti thupi linali lisanafike kuchokera kuchipatala.

Oyamba kufika anali adzukulu, okumba manda aja, miyendo ili mbuu ndi dothi lofiira. Wamkulu wawo anapisa dzanja pawindo n'kuzula makiyi.

"Tsika!"

Ndinatsika. Ataona kuti ndine mzimayi, wovala thalauzi, wopanda ndi mpango womwe kumutu, phokoso linakula. Wina ankati waledzera. Wina ankati ndi a m'tauni awa, sadziwa maliro. Wina ankati mumangeni.

"Masamba sunawaone?" anafunsa wamkulu wa adzukulu uja.

"Ndinawaona, bambo."

"Ndiye?"

"Ndimayesa ndi athu."

"Anu? Inu muli ndi maliro anu?"

"Ayi, athuwo ndi abodza. Ndi a filimu."

Iii, ndikanangokhala chete. Bamboyo anandiyang'ana ngati ndamulavulira. "Ndiye kuti mwatopa ndi maliro abodza, mwabwera kudzapanga enieni pano?" Anthu anayamba kuyandikira, ndipo ndinaona mnzake wina akugwiritsa mpini wa khasu.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo. Anadutsa pakati pa amunawo, anandiponyera chitenje, n'kuti, "Valani ichi. Milandu pambuyo. Ayambe wakapepesa kwa eni maliro." Anandigwira pamkono n'kundikokera ku nyumba ya siwa.

M'nyumbamo munali mdima ndi kutentha, amayi atadzaza mpaka pakhomo, bokosi lili pakati. Anandigwaditsa pamaso pa namfedwa. Ndinkayembekeza gogo, koma anali mzimayi wa msinkhu wanga, atamangidwa nsalu m'mimba, mawu atasasa ndi kulira. Womwalirayo anali mwamuna wake. Ndinayamba kupepesa, mawu akutuluka opanda mutu. Iye sanamvere n'komwe zimene ndinkanena. Ankangondiyang'ana m'maso, nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mayi wa chigwirizano uja n'kunena m'Chitumbuka, "Wavuka uyu." Ndiye kuti, watopa uyu.

Mawu amene ndinawabisa masabata atatu, anawanena munthu wosandidziwa, bokosi la mwamuna wake lili pambali. Ndinalira. Amayi ena ankayesa ndikulira maliro, n'kusuntha kundipatsa malo pamphasa pafupi ndi khoma. Ndinati ndikhale pang'ono chabe, mwaulemu, kenako ndikapemphe makiyi. Ndinkadziwa kuti mabatire ali m'galimoto, ndinkadziwa kuti folo koloko yayandikira. Amayi anayamba nyimbo yapansipansi. Ndinatsamira khoma.

Nditadzidzimuka, m'nyumba munali mbee, bokosi mulibe. Kuwala kolowera pakhomo kunali kofiira. Wina anali atandiikira nsalu yopindapinda kumutu. Panja anthu anali atabwerako kumanda, akusamba m'manja. Ndinagona pa maliro a eni kuyambira pa mwambo wa pakhomo mpaka kuika, osamva kanthu, ngati mwana.

Mayi wa chigwirizano uja anali atakhala pakhomo. Ndinadzuka mwamanyazi, ndikufunsa nthawi.

"Adzukulu anabwera kawiri kuti akudzutseni mukayankhe mlandu," anatero. "Mwini maliro anawabweza. Anati, mulekani wagone."

"Chifukwa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Simunamve kuti taika ndani? Malemuwa anali dalaivala wa lole. Amatuta feteleza kupititsa m'madepoti. Masiku atatu osatsika pampando, poti eni lole amati anthu akudikira, mvula yayandikira. Dzana masana, dzuwa lili phwee, pamsewu wowongoka, lole inangosiya msewu n'kukagunda mtengo. Panalibe chimene amazemba, ndipo mabuleki sanaponde n'komwe."

Ndinapita kukagwadanso kwa namfedwa uja, amene tsopano anali atakhala kuseri kwa nyumba ndi abale ake. Ananditambasulira dzanja lofooka, n'kunena m'Chichewa kuti ndimve bwino, "Wanga palibe anamuimitsa. Inu akuimitsani. Pitani bwino."

Adzukulu anandigamula nkhuku, ndi kuti ndikonzetse njinga. Ndinavomera zonse. Wamkulu wawo pondibwezera makiyi anati, "Kuthamanga sikufika, mayi," ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kumva mawu amenewo osafuna kuyankha. Mayi wa chigwirizano uja anati chitenje ndipite nacho, n'cha namfedwa, ndidzabweza. Ndinatuluka m'mudzimo pa giya yoyamba mpaka nditadutsa masamba a mbali inayo.

Ndinafika kojambulira dzuwa litalowa. Gulu lonse linali litaima pamsewu. Mkulu wa kamera anafika pawindo msanga, anaona bampala yopindika, n'kundinong'oneza, "Nenani kuti tayala linaphulika. Ine ndikuikirani kumbuyo." Anali munthu wabwino. Ndipo bodza limenelo likanagwira, chifukwa matayala ankaphulikadi m'misewu imeneyo.

Abwana anabwera chipewa chili m'manja, koyamba kuona mutu wawo. "Munali kuti? Mukudziwa chimene mwatichita? Munali kuti?"

Ndinayang'ana makiyi ali m'manja mwanga. Kunali kutatsala masiku awiri okha, abale.

"Ndinagona, bwana."

"Mwati?"

"Ndinagona pachiwongolero, ndinalowa m'maliro a anthu, pang'onong'ono ndiphe mzimayi. Kenako ndinagonanso pa siwa. Ndatopa. Ndinatopa kalekale."

Anaseka kaphwete kopanda chimwemwe, n'kutembenukira anzawo. "Ndinanena ine. Sindinanene? Ntchito iyi si ya azimayi." Anatambasula dzanja. "Makiyi."

Ndikanawapatsa. Mlandu unali wanga, ndipo ndinalibe mphamvu zokangana. Koma anaitana bambo wina wa m'gululo, wonyamula chimtengo cha maikolofoni, amene ankati ali ndi laisensi. Anamuuza kuti atenge gulu lonse alitule pa boma, akafunefune mafuta, ndipo atambala akamalira akhale atawabweretsanso kuti ajambule chigawo chija chidakwa chisanakwere basi. Bamboyo tsiku limenelo sanagone masana, poti ankakonza mawaya, ndipo mikono anali atainyamula m'mwamba kuyambira m'mamawa. Pobwera kudzatenga makiyi anayasamula mpaka misozi.

Pamenepo mtima wanga unabwerera. Ndinatenga makiyi aja, ndinawamanga pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri, ndinaipisa m'chiuno, n'kukhala pansi pa fumbi.

"Galimoto iyi lero siyenda."

"Mayi, musandiyese."

"Si za uzimayi izi, bwana. Amene amuika leroyu anali mwamuna, wandevu zake. Mumuone mnzanuyu mmene akuyasamulira. Mukufuna makiyi, bwerani mudzamasule nokha chitenje cha mkazi wa mwini, anthu onsewa akuona."

Anatukwana m'Chingerezi. Anati aitana apolisi, ndinati aitaneni, abwere wapansi. Anayang'ana anzawo kuti wina awathandize, koma aliyense ankayang'ana nsapato zake, ndipo wa maikolofoni uja anali atakhala kale pa bokosi la zida, mutu uli m'manja. Anthu a m'mudzimo, amene anali atamva kale za maliro aja, anayamba kubweretsa mphasa osafunsidwa. Aphunzitsi aakulu a pasukulu ya pafupi anatsegula kalasi. Tsiku limenelo gulu lonse linagona kumudzi, ndi abwana omwe.

M'mawa anajambula chigawo chawo ndi kuwala kumene ankakufuna, popanda wothamanga ndi galimoto. Atamaliza ndinamasula mfundo ndekha, n'kuika makiyi pa boneti. Abwana anawatola osandiyang'ana. Sanandiuze kuti ntchito yatha, panalibe chifukwa chonenera. Ndinayenda wapansi mpaka pa tala, n'kukwera matola, ndikumva dalaivala wake akuzunza giya njira yonse.

Kunyumba amuna anga sanafunse zambiri. Ndinawafotokozera, anamvetsera, n'kupita kukandiikira madzi osamba. Ndinagona tsiku lonse ndi la mawa lake. Sabata yotsatira ndinatsuka beseni la zitumbuwa.

Mvula itagwa, fodya atawokedwa, ndinakwera matola ndi nkhuku m'manja ndi chitenje chochapa bwino, kupita kumudzi kuja. Namfedwa ndinamupeza kumunda, yekha, akubzala chimanga, mutu wometedwa. Anandizindikira ndisanayankhule. Tinakhala pamzere, tinalonjerana, ndinamupatsa chitenje chake. Anachipinda n'kuchiika pamwendo.

"Mukuyendetsabe?" anafunsa.

"Ayi. Anandilanda makiyi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuwomba m'manja kamodzi. "Yewo," anatero, kundithokoza ngati ndamubweretsera mphatso.

Ndinatsanzika mwaulemu, poti anali munthu wometa mutu pa maliro. Koma njira yonse yobwerera ndinali nditapsa mtima, misozi ikutsika, anthu m'matola akundiyang'ana. Ntchito ija ndinkaifuna ine. Ndinkaidziwa kuposa onse aja, ndipo mpaka lero ndimaifunabe.